Phunziro la Mipango Yathu: Mtengo wa pa Foni Sindiwo Mtengo wa Pakhomo

Mau amene Mlembi wa gulu anayankhula pa tsiku la chikondwerero

 

Pa tsiku lotere tinazolowera kunena zokoma zokhazokha, za odwala amene tinawayendera ndi za ntchito zimene manja athu agwira. Zimenezo anzathu anena kale ndipo anena bwino. Ife a komiti tinapangana kuti chaka chino tinene nkhani imodzi imene inatichititsa manyazi, ndipo inatsala pang'ono kutigawa pakati. Nkhaniyi ndi ya mipango iyi imene tavala kumutu lero. Tikuinena poyera chifukwa ambiri a ife, ndi ana athu omwe, ayamba kugula katundu wa kunja pa intaneti, ndipo sitifuna kuti wina akagwe m'dzenje limene ife tinagwamo.

M'mene zinayambira

M'chaka cha 2024 tinafuna kuti amai onse 40 a gulu lino tikaoneke mofanana pa msonkhano waukulu wa kumapeto kwa chaka. Mmodzi wa ife anabwera ndi foni ya mwana wake, natisonyeza mipango yoyera ya maluwa m'mphepete imene sitolo ina ya ku China inali kugulitsa. Mnyamatayo atawerengera madola m'makwacha anatiuza kuti mpango umodzi ndi K5,000, ndiye kuti mipango 40 ndi K200,000. Anatinso kutumiza pa ndege, pamodzi ndi inshuwalansi ya panjira, ndi K80,000. Zonse pamodzi zinakwana K280,000, kotero mai aliyense anayenera kusonkha K7,000.

Tinaomba m'manja tsiku limenelo. Ena anagulitsa mtedza, ena anakazinga mandasi masabata awiri, ena anapempha kwa abambo kunyumba. Ndalama zitakwanira, Mai Msungichuma anazipereka kwa mnyamata uja pamaso pa mboni ziwiri, ndipo iye analipira ndi khadi lake la ku banki. Ife tinaganiza kuti ntchito yatha, chatsala ndi kulandira. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti kodi katunduyu akafika m'dziko muno adzafunanso chiyani. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo phulalo tinalidya tonse pamodzi.

Patapita masabata atatu, uthenga unafika kuti katoni yathu ili ku Blantyre, koma singatuluke mpaka tilipire K172,750. Uthengawo unali m'Chingerezi, ndipo unafikira pa foni ya mnyamata uja amene pa nthawiyo anali kutali ku ntchito. Pamene unatipeza ife, masiku osungira katundu mwaulere anali atatha, ndipo tsiku lililonse linali kuonjeza K3,000.

Tsiku limene tinalakwira mnzathu

Amai anzathu, mukukumbukira msonkhano wa Lachinayi lija. Mai Msungichuma ataimirira ndi kunena kuti pafunika ndalama zina, m'chipinda munangoti zii. Kenaka manong'onong'o anayamba. Wina anati, "Kodi sitinalipire kale?" Wina anati, "Ndalama zathu zapita kuti?" Ndipo panali mau ena amene sitifuna kuwabwereza pano, onena kuti ndalama zadyedwa. Mai amene wasunga thumba la gulu lino zaka zambiri osasowetsa ngakhale tambala imodzi, anatuluka misozi ili m'maso, ndipo masabata awiri otsatira sanabwere.

Apo ndi pamene komiti inasankha amai atatu kuti akwere minibasi kupita ku Blantyre, akaone mapepala ndi maso ndi kumva ndi makutu. Tinapita ndi mtima wokakangana, poganiza kuti wina akutibera. Koma amene anatilandira anatikhazika pansi, natenga pepala ndi cholembera, natiwerengera chimodzichimodzi. Tinapeza kuti palibe amene anatibera. Chimene chinatipweteka ndi kusadziwa kwathu. Tsono zimene tinaphunzira tsiku limenelo ndizo tifuna kugawana nanu.

Ndalama zija zinali za chiyani?

Katundu aliyense wolowa m'dziko la Malawi amadutsa m'manja mwa a kasitomu, kaya wabwera pa galimoto kudzera pa Mwanza, Dedza, Mchinji, Songwe kapena Muloza, kaya wabwera pa ndege ku Lumbadzi kapena ku Chileka, kaya wabwera pa positi. Zimenezi sizinayambe ndi intaneti. Agogo athu amene ali pano akukumbukira amuna pobwera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi mabokosi, mabulangete ndi njinga, kuti ankaima pa chipata ndi kuonetsa katundu wawo. Kale ntchitoyi inali ya dipatimenti ya boma ya kasitomu. Kuyambira m'chaka cha 2000 ili m'manja mwa bungwe lotolera misonkho la Malawi Revenue Authority, limene tonse timangoti MRA, ndipo likulu lake ndi Msonkho House ku Blantyre.

Choyamba chimene chinatidabwitsa ndi ichi. A kasitomu sawerengera msonkho pa mtengo wa katundu wokha. Amaphatikiza mtengo wogulira, ndalama yonyamulira ndi inshuwalansi. Kotero kwa iwo mipango yathu sinali ya K200,000 ayi, inali ya K280,000. Ife tinati, "Bwana, kodi ndege nayo ikhoma msonkho?" Anaseka, nati lamulo limaona zonse zimene munthu waononga kuti katunduyo afike m'dziko muno.

Chachiwiri ndi msonkho wa pa chipata, umene ambiri amati dyute. Msonkhowu sufanana pa katundu yense. Pali buku lalikulu la boma m'mene katundu aliyense ali ndi nambala yake ndi mlingo wake. Zinthu zina zofunika pa ulimi ndi pa mafakitale zimalipira pang'ono kapena sizilipira konse, koma zinthu zomalizidwa kale, monga zovala, zimalipira kwambiri. Pa mipango yathu anatiwerengera K25 pa K100 iliyonse. Pa K280,000 ija, dyute inakwana K70,000.

Chachitatu ndi VAT, msonkho umene timauona pa lisiti tikagula m'sitolo zikuluzikulu. M'chaka cha 2024 VAT inali K16.50 pa K100 iliyonse. Koma taonani, VAT sinawerengedwe pa K280,000. Anayamba aphatikiza dyute ija, kukhala K350,000, ndipo pamenepo ndi pamene anawerengera. Inakwana K57,750. Ndiye kuti msonkho unakwera pamsana pa msonkho unzake. Misonkho iwiriyi pamodzi inali K127,750. Anatiuzanso kuti pali katundu wina, monga mafuta onunkhira ndi magalimoto, amene amalipira msonkho wachitatu wotchedwa ekisaizi, koma mipango yathu sunaikhudze.

Chachinayi sichinali cha boma konse. Kampani imene inanyamula katoni yathu ndiyo inalemba mapepala a kasitomu m'malo mwathu ndi kuwalowetsa m'kompyuta. Ntchito imeneyi ndi ya ejenti, ndipo ejenti sagwira ntchito yaulere. Anatilipiritsa K45,000. Ndalama ija ya K80,000 imene tinapereka ku China inali yofikitsa katoni m'dziko muno basi, osati youtulutsira.

Chachisanu ndi ndalama yosungira. Pofika tsiku limene tinakwanitsa kusonkhanso, masiku 9 anali atapita, ndiye K27,000. Iyi ndiyo inatiwawa koposa, pakuti inali ndalama yolipira kuchedwa kwathu ndi kukangana kwathu.

Zonse zoonjezera zinakwana K199,750. Mai aliyense anasonkhanso K5,000, ndipo m'thumba munatsala K250 yokha. Ya minibasi amai atatu aja anatulutsa m'matumba mwawo. Mpango umene pa foni unali wa K5,000 unafika pamutu pathu uli pafupifupi K12,000. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chifukwa chiyani boma limatero?

Ena mwa ife anafunsa kuti bwanji boma likhometsa msonkho amai osauka ogula mipango. Tinauzidwa zifukwa ziwiri, ndipo titaganizira tinaona kuti n'zomveka. Choyamba, misonkho ndiyo imalowa m'thumba la boma limene limalipira aphunzitsi, anamwino ndi mankhwala a m'zipatala zimene tonse timapitako. Chachiwiri, msonkho umateteza ntchito za kuno kwathu. Ku Blantyre kuli fakitale ya nsalu imene akale amaidziwa ndi dzina la Whitehead, ndipo m'misika yathu muli matelala ambiri, ena ndi amai a m'gulu lomwe lino. Zovala zonse za kunja zikanati zizilowa ulere, anthu amenewa akanadya chiyani? Tikhoza kudandaula kuti misonkho yakwera, ndipo ndi ufulu wathu kutero, koma tisamaganize kuti ndi kuba.

Tizikumbukiranso kuti milingo ya misonkho imasintha, makamaka pamene Nduna ya Zachuma yawerenga bajeti ku Nyumba ya Malamulo. Manambala amene tanenawa ndi a 2024. Amene afuna kugula lero afunse ku ofesi ya MRA mlingo wa lero asanatumize ndalama.

Za dola ndi kwacha

Sitolo za pa intaneti monga AliExpress, Alibaba, Amazon ndi Shein zimalemba mitengo m'madola kapena m'ndalama zina zakunja. Ife timalandira makwacha. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 iliyonse, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 pa 100 iliyonse, kotero kuti dola imodzi imene inali pafupifupi K1,180 inafika pa K1,700. Amene anaitanitsa katundu masiku amenewo asanafike, ndipo katunduyo nafika pambuyo pake, anapeza msonkho utakwera, pakuti a kasitomu amasandutsa madola kukhala makwacha pa nthawi imene katundu akutulutsidwa, osati pa tsiku limene munagula. Banki nayo imadula kangachepe pa khadi mukalipira kunja. Choncho polinganiza ndalama, siyani malo a zimenezi.

Njira zobweretsera katundu

Dziko lathu lilibe doko la panyanja yaikulu. Katundu wa pa sitima ya pamadzi amatsikira ku Beira kapena ku Nacala m'dziko la Mozambique, ku Dar es Salaam m'dziko la Tanzania, kapena ku Durban m'dziko la South Africa, ndipo kuchokera kumeneko amabwera pa malole kapena pa njanji. Njira imeneyi ndi yotsika mtengo pa katundu wolemera, koma imatenga miyezi. Ndege ndi yachangu koma yodula. Positi ndi yotsikirapo mtengo pa timaphukusi tating'ono, koma ifuna kudekha, ndipo nayonso imadutsa kwa a kasitomu.

Pa za ndege pali chinthu china chimene sitinali kuchidziwa. Makampani onyamula katundu sayang'ana sikelo yokha, amayang'ananso malo amene katoni yatenga. Ambiri amachulukitsa utali, mulifupi ndi msinkhu wa katoni m'masentimita, nagawa ndi 5,000. Katoni ya masentimita 50 ndi 40 ndi 30 imawerengedwa ngati makilogalamu 12, ngakhale m'kati muli mapilo opepuka a makilogalamu atatu. Amalipiritsa pa nambala imene yakula. Kotero amene afuna kugula zipewa, zikwama kapena maluwa okongoletsera pa ukwati, adziwe kuti adzalipira ndi mpweya womwe.

Masiku ano palinso anthu ndi timakampani amene ali ndi nyumba zosungira katundu ku Guangzhou, ku Dubai kapena ku Johannesburg. Amasonkhanitsa katundu wa anthu ambiri, namubweretsa pamodzi, nalipiritsa pa kilogalamu. Ena mtengo wawo umaphatikiza msonkho, ena ayi. Funsani funso limeneli musanapereke ndalama, ndipo yankho likhale lolembedwa. Pa mapepala a ogulitsa ena mudzaona zilembo zitatu zakuti DDP. Zimenezi zitanthauza kuti wogulitsa walonjeza kulipira zonse, ndi misonkho yomwe, mpaka katundu afike kwa inu. Ngati zilembo zimenezi palibe, dziwani kuti msonkho ukudikira inu. Mau akuti kutumiza ndi kwaulere asakunamizeni, pakuti sanena za msonkho.

Za mphatso ndi za katundu wa maiko oyandikana nafe

Ambiri a ife tili ndi ana ku Johannesburg, ku London ndi kwina, amene amatigulira zinthu pa intaneti ndi kutitumizira. Tisaganize kuti popeza palembedwa kuti mphatso ndiye kuti a kasitomu sadzayang'ana. Mphatso nayo ili ndi mtengo wake, ndipo ikakhala yamtengo wapatali msonkho umafunika. Uzani ana anu kuti akamatumiza foni kapena nsapato aziika lisiti m'katimo, ndiponso azikuuzani nthawi ikadalipo kuti mukonzeke. Pali amai amene katundu wawo anakhalitsa chifukwa chosowa ndalama yomuombolera, ndipo lamulo limalola a kasitomu kugulitsa pa okushoni katundu amene wakhalitsa osatengedwa.

Dziko lathu lili m'mabungwe a SADC ndi COMESA, ndipo katundu wopangidwa m'maiko a mabungwewa akhoza kulowa pa dyute yochepa kapena popanda dyute. Koma pafunika chikalata chotsimikiza kumene katunduyo anapangidwira. Diresi yosokedwa ku China, ngakhale mwaigula m'sitolo ya ku Johannesburg, ndi ya ku China ndithu. Ndipo ngakhale dyute ichoke, VAT imatsala.

Mayesero awiri

Tili m'kati mwa vuto lathu, munthu wina anatilangiza kuti ulendo wina tidzauze wogulitsa alembe mtengo wochepa pa invoisi, kapena alembe kuti ndi zinthu zopatsidwa. Anati aliyense amatero. Ife tinakana, ndipo tikupemphani nanunso muzikana. A kasitomu amadziwa mitengo ya zinthu. Akakayika amatsegula katoni, amafunsa umboni wa ndalama imene munalipira ku banki, ndipo ali ndi mphamvu yoika mtengo wina, yolipiritsa chindapusa, ngakhale yolanda katunduyo. Koma ngakhale akanapanda kutigwira, tikanavala bwanji mipango yoyera kumutu, titaipeza ndi pepala labodza? Ngati muona kuti mwawerengeredwa molakwa, njira yake ilipo. Tengani malisiti anu, pemphani kuonana ndi wamkulu wa pa ofesipo, ndipo dandaulani mwaulemu.

Yesero lachiwiri ndi la akuba. Pali anthu amene amatumiza uthenga pa foni kapena pa Facebook kunena kuti phukusi lanu lochokera kunja lagwidwa pa bwalo la ndege, tumizani ndalama msanga pa nambala yakutiyakuti. Amai, ngati simunaitanitse kanthu ndipo palibe mbale wanu amene wakuuzani kuti watumiza, phukusi limenelo kulibe. Msonkho weniweni uli ndi pepala losonyeza m'mene awerengera, ndipo mukalipira mumalandira lisiti. Sutumizidwa pa nambala ya foni ya munthu wosadziwika.

Zimene tinapangana

Titabwerako ku Blantyre, komiti inalemba mfundo izi m'buku la gulu, ndipo tiziwerenga kuti aliyense azimve.

Tisanasonkhe ndalama ya katundu wa kunja, tiyambe tazungulira m'sitolo ndi m'misika ya kuno. Tikunena izi ndi manyazi, pakuti pobwerera tsiku lija tinadzera ku Limbe, ndipo tinapeza nsalu yoyera yabwino imene matelala athu akanaisoka mipango pa mtengo wosasiyana kwenikweni ndi umene tinalipira.

Ngati chinthucho kuno kulibe, tilembe pa pepala limodzi mitengo yonse: wogulira, wonyamulira, dyute, VAT, ejenti, ndi ulendo wokatenga. Pepalalo liwerengedwe pamaso pa gulu lonse. Ngati sitinathe kufunsa, tiyerekeze kuti mtengo wa pa foni udzawirikiza kawiri kapena kuposa.

Ndalama ya msonkho isonkhedwe pamodzi ndi yogulira, ikhale m'thumba kudikira, kuti katundu akafika atuluke msanga osadya ndalama yosungira.

Nambala ya foni yolembedwa pa katundu ikhale ya munthu amene ali pafupi ndipo amayankha, ndipo nambala yolondolera katundu panjira ikhale ndi anthu awiri.

Malisiti onse asungidwe, ndipo aliyense wa m'gulu ali ndi ufulu wowaona. Koma wina asatchule mnzake wakuba asanaone pepala.

Mau otsiriza

Mfundo yotsirizayi ndiyo yaikulu. Ndalama ya K199,750 tinaipeza, ndipo lero taiwala kuwawa kwake. Koma mau amene tinamunenera mnzathu sanali ofufutika msanga. Titabwera ndi mapepala, tinapita kunyumba kwa Mai Msungichuma amai asanu ndi mmodzi, tinakhala pa mphasa, tinawawerengera zonse, ndipo tinapepesa. Anatilandira, anatiphikira tiyi, ndipo Lachinayi lotsatira anabwera ndi buku lawo la ndalama m'manja monga kale. Koma popeza tinawalakwira pagulu, n'koyenera kuti tiwapepesenso pagulu. Mai, m'malo mwa amai onse 40, pepani. Thumba lathu lili m'manja abwino.

Kwa inu ana athu amene mumadziwa kuyendetsa mafoni, tikuthokozani chifukwa mumatithandiza. Koma mukamatisonyeza zinthu zokongola, muzitiuza ndi za msonkho zomwe. Kwa inu abambo, mai akabwera kudzapempha ndalama yachiwiri ya katundu yemweyo, musafulumire kukalipa, yambani mwaona pepala. Ndipo kwa inu amai a magulu ena amene mwatichezera lero, katengereni nkhaniyi kwanu, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi.

Mipango tavala, ndipo ikutikhala.